Kalipenga ka a Nachisale

Ife anthu timafulumira kuwanamizira akufa. Tikangoona chachilendo, basi mzimu wakwiya, basi liwiro, ngati kuti kumene ali kuja alibe chochita china koma kutisungira chakukhosi. Sendezani chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso, ndikuuzeni za Sungeni Mbalule.

Sungeni anali m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala pamene anamutumiza ku kachipatala ka mishoni kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, kuti akakhaleko milungu isanu ndi umodzi. Anali mtsikana wa mutu wakuthwa, koma ankayenda ngati wasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Anzake m'kalasi anali atayamba kale kukangana za m'tsogolo. Uyu akuti ndidzakhala dokotala wa ana, uyu wa mafupa, wina akuti wa maso chifukwa a maso sadzutsidwa ali m'tulo. Sungeni sankalowerera nawo mkanganowo. Iye ankafuna ku labotale, koyeza magazi, kumene wodwala amafika ali m'kabotolo ndipo safunsa funso. Pepala la kusukulu lolembapo chisankho chake linali m'chikwama. Anali atalembapo kale ndi pensulo, kunangotsala kudutsitsapo inki.

Chinamufikitsa pamenepo ndi ichi. Chaka chapitacho, tsiku lake lachitatu m'wodi ya amayi oyembekezera pa chipatala chachikulu cha m'tauni, anamutuma kukamvera mimba ya mayi wina dzina lake Edina. Mayiyo anavala chitenje chachikasu chojambulidwa nkhanga, ndipo ankadandaula kuti mwana sakutakataka kuyambira dzulo lake. Sungeni anaika khutu, anamva kugunda, mtima wake unadumpha ndi chimwemwe poti kanali koyamba. Anadzutsa mutu n'kunena kuti mwana ali bwino. Edina anamwetulira, anamugwira dzanja n'kumuthokoza kawiri.

Sunali mtima wa mwana umene anamvawo. Unali mtsempha wa mayi yemweyo, ukuthamanga chifukwa magazi anali akutayikira m'kati. Cholakwa chimenechi mzamba aliyense amachidziwa, ndipo kuchipewa n'kosavuta: khutu likakhala pamimba, zala zikhale pamkono wa mayi, kuti uone ngati kugundako kukuyendera limodzi kapena ayi. Sungeni palibe anali atamuuza. Pamene akuluakulu ankatulukira, madzi anali atafika kale m'khosi, ndipo mayi ndi mwana anatsikira limodzi kuli chete. Aphunzitsi anamuuza kuti asadziimbe mlandu yekha, wodi inali yodzaza, womuyang'anira anayenera kumveranso. Zonsezo zinali zoona. Koma kuyambira tsiku limenelo Sungeni sanawakhulupirirenso makutu ake.

Tsiku lopita kumishoni, minibasi inamusiya pamphambano, ndipo mtunda wotsalawo anayenda wapansi. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatalika kuposa munthu mbali zonse za msewu. Pamlatho wa mitengo, pafupi ndi chipatala, panaima mayi wina atapereka msana, akuyang'ana madzi. Chitenje chake chinali chachikasu, cha nkhanga. Sungeni anamupatsa moni, sanayankhidwe. Anadziuza kuti zitenje zotere pamsika zimagulitsidwa mulu, ndipo anapitirira. Sanacheuke mpaka pageti.

Woyang'anira chipinda cha amayi anali a Nachisale, mzamba wamfupi wa mawu ngati belu la tchalitchi. Ankafuula osati chifukwa cha ukali, koma makutu anali atayamba kuwathawa, ngakhale iwo sankavomera. Kuseri kwa chitseko, pamsomali, pankapachikika kachipangizo kawo komvera mtima wa mwana ali m'mimba. Kanali kamtengo, kotambalala kukamwa ngati lipenga, kakuda bii chifukwa cha manja a zaka makumi atatu. Iwo ankangokatcha kalipenga. Tsiku loyamba lomwe anakatsitsa n'kumupatsa Sungeni, akuti makutu aang'ono afika, iwo apumeko.

Sungeni anali ndi luso lozemba. Mimba ikafika, iye amapezeka akulemba makadi. Ina ikafika, ali pasikelo kuyeza makanda. Ankasesa ndi pamene pasesedwa kale. A Nachisale anamuyang'ana masiku atatu, kenako anauza amayi onse pabenchi kuti dokotala amene atitumizira chaka chino amaopa mimba ngati ili ndi mano. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Sungeni anasekako nawo, koma kalipenga sanakakhudze.

Lachisanu m'mawa kalipenga kanasowa pamsomali. Anafuna pansi pa mabedi, m'ndowa, m'kabati ya mankhwala. Masana Sungeni anapisa dzanja m'thumba la chovala chake choyera kuti atenge cholembera, ndipo anagwira mtengo. Anachita manyazi, anapepesa kuti mwina anakatola mosazindikira. A Nachisale anangoti kalipenga kamakonda alendo.

Lolemba kanasowanso. Ulendo uno Sungeni anakapeza kunyumba kumene ankagona, m'chikwama chimene sanachitsegule chibwerere, katakhala pamwamba penipeni pa pepala lija la pensulo. Anakabweza pamsomali mwakachetechete, osauza munthu.

Masiku omwewo anayamba kumva kamkokomo. Akangoika mutu papilo, kanayamba: ti-ti-ti-ti, kofulumira, kaphee, ngati wotchi yapamkono imene yagwera m'zovala. Wotchi analibe. Anagwedeza pilo, anatembenuza matilesi, anasunthira bedi kukhoma lina poganiza kuti ndi chiswe. Kamkokomo kanamutsatira. Akadzuka n'kukhala tsonga kankaleka, akagona kankayambiranso. M'mawa ankafika kuntchito maso ali psuu.

A Nachisale nawo anatopa ndi kufunafuna. Anatsekera kalipenga m'kabati, kiyi n'kumangirira pamfundo ya chitenje chawo, n'kunena kuti tione ngati kamera miyendo. Kutacha, kabati inali chitsekere, kiyi ali m'chiuno mwawo, kalipenga mulibe. Kanali pawindo la chipinda cha Sungeni, m'kati, windo lili lotseka. Atakagwira kanali kofunda, monga chinthu chimene wina wangochitula m'manja.

Tsiku lomwelo mlonda wa pachipatala, a Tchale, bambo wachikulire wosakonda nkhani, anamuima panjira n'kumufunsa ngati mlendo wake anamupeza. Anati m'bandakucha panafika mayi wina pageti, kufunsa kuti mtsikana womvera mimba uja amagona nyumba iti. Iwo anamulozera. Sungeni atafunsa kuti mayiyo anali wotani, a Tchale anakanda m'mutu. Nkhope sanaione bwino, akuti, ndipo n'zodabwitsa chifukwa tochi anali nayo. Chimene anakumbukira ndi chitenje chokha.

Madzulo ake Sungeni anawaululira a Nachisale zonse, kuyambira tsiku lija m'tauni. Analankhula mokweza kuti amve, ndipo n'zowawa kufuula chinthu chimene wachibisa chaka chathunthu. Anamaliza ndi kunena kuti mlandu suola, Edina wamulondola, ndipo Lolemba akwera minibasi kubwerera kusukulu. Akakamufunsa adzati wadwala. A Nachisale sanamutonthoze, sinali mbali yawo imeneyo. Anangomugwira mkono, n'kumuika zala zake ziwiri pa mtsempha wawo.

"Apa," anatero. "Khutu uko, zala apa. Waphunzira mochedwa, koma wadziwa. Ukapita pita, koma upite ukudziwa."

Lamulungu kunacha ndi mvula ya mvumbi, yosakata. A Mtambalika, amene ankachita maopaleshoni pachipatalapo, anali atapita kutsidya kwa mtsinje kukabatizitsa mdzukulu. Sungeni analongedza chikwama chake. Anatulutsa pepala lija, anatenga cholembera cha inki, koma asanalembe anamva mateyala a ngolo akulira m'matope.

Anasuzumira pawindo. Ng'ombe ziwiri zinkakoka ngolo pang'onopang'ono, pambuyo pakuyenda anthu ngati khumi, atanyowa chonyowa. M'ngolomo munagona munthu wofunditsidwa mpaka kumutu. Aliyense akanadziwa kuti ndi maliro. Koma panalibe wolira, ngakhale mmodzi. Amayi ankayenda atagwira pakamwa, ndipo phokoso linali la mvula ndi mateyala basi.

Amene analankhula pakhonde anali a Likagwa, malume ake a womwalirayo, mwini mbumba. Anavula chipewa, madzi akuyenderera m'ndevu. Anati uyu ndi Nasimelo, mwana wa mlongo wawo, mimba yoyamba, miyezi isanu ndi itatu. Masiku apitawa anatupa miyendo ndi nkhope, mutu ukumupweteka. M'mawa anagwa, anaphupha katatu, kachitatuko sanadzukenso. Anamuthira madzi, anamuitana, anamutsina, mpaka thupi linazizira, ndipo amayi akuluakulu anamumanga chibwano ndi kansalu.

Tsono kwawoko kuli mwambo. Mayi akamwalira ali woyembekezera, saikidwa mwana ali m'mimba, chifukwa munthu sakhala manda a mnzake. Amayenera kumumasula kaye, mwana aikidwe payekha, ndipo mpaka zimenezo zitachitika palibe wololedwa kulira. Ntchito imeneyi ankaigwira mkulu wina wa mudzi woyandikana nawo, kumanda komweko, ndi mpeni wake. Ngolo inali ikupita kumeneko.

"Ndiye pamlatho paja tinapeza mayi wina ataima pakati pa njira," anatero a Likagwa. "Ng'ombe zinakana kumudutsa. Anati tisapite kwa mkulu uja, tibwere kuno, kuli mtsikana. Ndinu kodi, mayi?"

Sungeni sanafunse za chitenje. Apa anaona kuti wamvetsa chimene Edina ankafuna. Iye amene ananena kuti mwana ali bwino, lero atulutse mwana wakufa ndi manja ake, awone bwinobwino chimene anachita. Anachita mantha kwambiri, ndipo chimene chinamupweteka koposa n'chakuti ankaona ngati chilangocho n'choyenera.

Anamunyamula Nasimelo n'kumugoneka pabedi la m'kachipinda ka pambali. A Nachisale anati mpeni sukhudza munthu pano a Mtambalika asanabwere, komabe lamulo ndi lakuti wachipatala atsimikize imfa. Anagwira pakhosi pa mtsikanayo ndi zala zawo zozizidwa ndi mvula, sanapeze kanthu. Anaika khutu pachifuwa, kenako anapukusa mutu n'kuvomera, koyamba pa moyo wawo, kuti makutu awo sangamve ngakhale ng'oma. Anayang'ana Sungeni.

Sungeni anapisa m'thumba kufuna magolovesi. Munali kalipenga.

Sanadabwe n'komwe, mphamvu yodabwira inali itatha. Anagwada, anakweza nsalu yonyowa, anaika kalipenga pamimba yozizirayo n'kutsamiritsa khutu. Poyamba anangomva mvula padenga la malata. Anasunthira m'munsi pang'ono, chakumanzere. Ndipo kanali pamenepo: ti-ti-ti-ti. Kamkokomo komwe kaja, ka papilo, ka masiku onse aja.

Anatseka maso. Anadziuza kuti ndi magazi ake omwe akugunda m'khutu, kapena ndi chinthu chija chikumuseweretsa pamaso pa anthu. Anaika zala pakhosi pake. Wake mtima unkagunda molemera, du, du, du, wosiyana ndi kaja. Pamenepo nzeru za m'kalasi zinamubwerera pang'onopang'ono, ngati munthu wochokera kutali. Mayi akafa, mwana m'mimba satha ndi mphindi makumi awiri zomwe. Uyu akuti wafa m'mawa, ndipo tsopano dzuwa linali litapendeka. Ngati uyu ndi mtima wa mwana, ndiye kuti pali wina amene akumupumira.

Khutu lili pomwepo, anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa Nasimelo. Panalibe kanthu. Anasuntha zala, anachepetsa kukanikiza, anadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako pansi pa chala chapakati panadutsa kanthu kofooka ngati ulusi. Kanasowa. Kanabweranso. Kanali ndi mayendedwe akeake, osatsatana ndi ka m'khutu kaja.

Anadzutsa mutu. Pakhomo panali a Likagwa, ndipo kumbuyo kwawo mayi ake a Nasimelo, amene anali atameza kulira kuyambira m'mawa. Sungeni anakumbukira nkhope ina imene inamuyang'ana chonchi, ndi mawu amene iye anaiuza. Akanatha kukhala chete, kudikira a Mtambalika, mawuwo atuluke pakamwa pa wina. Koma mtsinje unali utadzaza, ndipo ulusi uja sunali wodikira munthu. Anabwezeranso khutu, anawerenga kachiwiri, zala zili pamkono.

"Masulani chibwano," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, a Nachisale sanamve. Anabwereza mofuula. "Masulani chibwano, ali moyo. Onse awiri."

Zimene zinatsatira palibe anazikumbukira mwadongosolo. A Nachisale anadula kansalu ndi lumo, anamugoneka mtsikanayo chammbali, anamuika mpweya m'mphuno, anamubaya jakisoni woletsa kuphupha. Amayi aja anathamangira kukhitchini kukatenthetsa madzi, anadzaza m'mabotolo n'kumuzunguliza nawo, zitenje zouma zikuchokera kwa odwala ena. A Tchale, amene palibe anawaonapo akuthamanga, anathamanga kukaitana a Mtambalika. A Mtambalika anawoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa, suti ya ubatizo ataisenza pamutu, ndipo analowa m'chipinda cha opaleshoni akudontha. Sungeni anaima moyang'anizana nawo, akugwira zimene ankamuuza kuti agwire.

Mdima usanagwe, kamwana kakakazi kanatuluka, kochepa ngati botolo la fanta, n'kulira ngati kamphaka. Panja mayi ake a Nasimelo atamva, kulira konse kumene anakusunga tsiku lathunthu kunatuluka nthawi imodzi. Anagubuduka m'matope, akulira, akuseka, akululutira, mpaka odwala a m'mawodi ena anatuluka kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Anawayankha kuti palibe. Sungeni anakhala pansi pakhonde, msana kukhoma, n'kulira nawo. Sikunali kulira kowawa. Ankamva ngati wina wamutula mtolo uja.

Lolemba minibasi inadutsa pamphambano popanda iye. Lachiwiri Nasimelo anatsegula maso, ndipo funso lake loyamba linali lakuti ndani wamumenya chibwano, chifukwa chikumupweteka. Amayi amene anamumanga aja anayang'ana pansi, wodi yonse inafa nacho chiseko.

Tsiku lomwelo a Likagwa anabwera ndi nkhuku yoti athokozere. Atakhala pabenchi, Sungeni analimba mtima n'kuwafunsa za mayi wa pamlatho, ngati ankamudziwa. Anati ayi, si wa midzi ya kuno, ndipo atacheuka kuti amuthokoze sanamuonenso. Mwina analowa m'chimanga. Anati sankaoneka wokwiya, ankalankhula mofatsa ngati munthu wotuma mwana kumsika. Ndipo panali mawu ena amene iwo sanawamvetse, n'chifukwa chake tsiku lija sanawanene.

"Anati, kuli mtsikana amene anandimvera ine, akamumverenso uyu. Ndiye anati timuuze kuti ulendo uno agwire ndi mkono womwe."

Sungeni anabisa nkhope m'manja. A Likagwa anaganiza kuti amulakwira, anayamba kupepesa, koma iye anawagwira dzanja n'kuwathokoza kawiri. A Nachisale, amene ankanamizira kupinda nsalu chapafupi, makutu awo tsiku limenelo anagwira ntchito bwino ndithu. Anadzuma, n'kunena kuti iwo pa zaka zawo zonse sanaonepo munthu wodzabwezera akuyamba wakupatsa khasu m'manja.

Usiku umenewo Sungeni anagona tulo tofa nato, papilo pali zii. Kutacha anatulutsa pepala lija, anabwereka labala kwa kalaliki wa pachipatala, anafufuta mawu a pensulo mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Polembapo za amayi oyembekezera sanayambe ndi pensulo. Milungu inatsalayo, mimba iliyonse yofika pabenchi inadutsa pakhutu pake, ndipo amayi anayamba kudandaula kuti dokotala uyu akakugwira mkono satayanso.

Kalipenga sikanachokenso pamsomali. Tsiku lotsanzikana a Nachisale anakatsitsa okha n'kukaika m'chikwama chake, akuti kanasankha kale mwini wake, iwo sangalimbane nako. Sungeni anayenda wapansi kupita kumphambano. Pamlatho panalibe munthu, madzi okha akudutsa pansi pa mitengo. Anaima pamene mayi uja anaima, anatula chikwama, anawomba m'manja katatu mwaulemu monga tichitira kwa akuluakulu, n'kupitiriza ulendo.

Lero ndi dokotala wa amayi, ndipo ali ndi makina omvera mtima wa mwana amene amalira chipinda chonse n'kumva. Koma wophunzira aliyense wofika m'wodi mwake, tsiku loyamba amamupatsa kamtengo kakuda kaja. Mwana wa eni akangowerama n'kuika khutu pamimba, amamva dokotala ali kumbuyo kwake akufunsa kuti dzanja linalo lili kuti. Ena amati ndi wovuta. Iye amangowatenga zala n'kuziika pamkono wa mayi.